Pamwamba pa polima, pamene thupi ndi chipangizo cha chipatala zimakumana

Chipangizo chilichonse cha polima, kutanthauza pulasitiki kapena chinthu china chopangidwa ndi maunyolo aatali a mamolekyu, chimene madokotala amalowetsa m'thupi la munthu, kaya ndi kachubu kotulutsira mkodzo, mtsempha wochita kupanga, kapena nsefa ya makina osefa magazi a odwala impso, chili ndi mbali ziwiri zimene ntchito zake n'zosiyana. M'kati mwake ndi mmene mumachokera kulimba, kupindika kosathyoka ndiponso kupirira kutentha. Koma thupi silidziwa kanthu za m'katimo, chifukwa magazi, maselo ndi mabakiteriya amangokhudza pamwamba penipeni, pa kagawo kokhuthala mananomita ochepa chabe, ndipo nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. Kaya thupi lichilandira chipangizocho kapena lilimbana nacho, nkhani yonse imayambira pa kagawo kameneka. N'chifukwa chake akatswiri sataya polima yolimba bwino pongoona kuti magazi akuundana pa iyo, koma amasiya m'kati mwake mmene muliri n'kusintha pamwamba pokha.

Magazi akangokhudza polima, pasanathe masekondi angapo mapuloteni a m'magaziwo amakhala atamatirira kale. Leo Vroman, wasayansi wobadwira ku Netherlands amene ankagwira ntchito ku New York, anasonyeza m'zaka za m'ma 1960 kuti mapuloteniwa amalandana malo. Amene ali ochuluka m'magazi, monga albumin, amafika msanga, kenako amasunthidwa ndi ena omatirira mwamphamvu monga fibrinogen, ndipo nayonso fibrinogen imatha kusunthidwa ndi ena obwera pambuyo. Choopsa si kumatirira kokha ayi. Puloteni ikagwera pamalo okana madzi imatambasuka, n'kuonetsa mbali zake zimene zimakhala zobisika ikamayandama m'magazi. Fibrinogen yopotoka motere imakopa mapulateleti, tizidutswa ta m'magazi timene timatseka mabala, ndipo tikamatirira timatulutsa makemikolo oitana tinzake, mpaka magazi amaundana pamalo pamene palibe bala lililonse. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndiyo maziko a ntchito yonseyi: maselo sakumana ndi polima yeniyeniyo, amakumana ndi mapuloteni amene polimayo yawasonkhanitsa ndi kuwapotoza.

Chipangizo chikaikidwa m'minofu osati m'magazi, zochitika zake zimatenga nthawi yaitali koma chiyambi n'chomwecho. Maselo oyera otchedwa macrophage amafika n'kuyesa kumeza chinthu chachilendocho, ndipo akalephera chifukwa cha kukula kwake amaphatikizana kukhala maselo akuluakulu omatirira pamwamba pake. Pakapita milungu ingapo, thupi limakhala litachikuta ndi mnofu wolimba wa kolajeni umene mulibe mitsempha yambiri ya magazi. Pa zipangizo zina mnofu umenewu suvuta, koma pa kachipangizo koyeza shuga pansi pa khungu umatchinga njira ya shuga amene kakuyenera kuyeza, ndipo manambala ake amayamba kusokonekera.

Mu 1949, dokotala wa maso Harold Ridley anaika lenzi ya pulasitiki ya PMMA m'diso la wodwala ng'ala pa chipatala cha St Thomas ku London. Nzeruyi anaipeza ataona kuti oyendetsa ndege za nkhondo amene tizidutswa ta pulasitiki yomweyi tinawalowa m'maso sankatupa maso monga zinkayembekezeredwa. Komabe chinthu chimene diso lachilandira mwamtendere sichingalandiridwe chimodzimodzi m'mtsempha wa magazi. Akatswiri amene anakumana ku Chester ku England mu 1986 anagwirizana pa mfundo yomweyi, yakuti chipangizo chimaweruzidwa potengera ngati thupi likuchita nacho moyenerera pa ntchito imene chapatsidwa ndiponso pamalo pamene chaikidwa. Kachubu ka m'mtsempha kamafuna pamwamba pamene kanthu sikangamatirirepo, pomwe chipangizo cholowa m'malo mwa fupa chimafuna maselo amatirire ndi kumera. Palibe njira imodzi yokonzera pamwamba imene ingakwanire zonsezi.

Mbiri ya makina osefa magazi ndi imene imandiphunzitsa zambiri pa nkhaniyi, chifukwa m'makinawa magazi a wodwala amakhudza nsefa yotambalala pafupifupi sikweyamita imodzi kapena ziwiri, kwa maola anayi, katatu pa mlungu. Willem Kolff anayamba ntchitoyi mu 1943 ku Netherlands pogwiritsa ntchito machubu a cellophane, ndipo kwa zaka zambiri nsefa zinkapangidwa ndi selulozi, makamaka ya mtundu wa Cuprophan. Madokotala anaona kuti m'mphindi zoyambirira za kusefa, maselo oyera a wodwala ankachepa kwambiri m'magazi, kenako n'kubwerera okha. Mu 1977 Philip Craddock ndi anzake anafotokoza chifukwa chake: pamwamba pa selulozi pankadzutsa gulu la mapuloteni oteteza thupi lotchedwa complement, ndipo maselo oyerawo ankakaunjikana m'mitsempha ya m'mapapo. Gwero lake linali timagulu ta okosijeni ndi haidrojeni timene tili tambirimbiri pa selulozi. Opanga nsefa atatseka ena mwa timaguluti ndi makemikolo ena, monga pa selulozi ya acetate ndi pa Hemophan, vutolo linachepa, ngakhale kuti pa Hemophan gawo limene linasinthidwa linali laling'ono kwambiri.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali yachiwiri imene aliyense wogwira ntchitoyi ayenera kuidziwa. Nsefa ya AN69, yopangidwa ku France ndi polima ya polyacrylonitrile, inkatamandidwa chifukwa sinkadzutsa kwambiri complement. Cha m'ma 1990 kunayamba kumveka malipoti a odwala amene ankatupa, kubanika ndi kutsika kuthamanga kwa magazi mwadzidzidzi atangolumikizidwa ku makina, ndipo ambiri mwa iwo ankamwa mankhwala a mtima ndi a kuthamanga kwa magazi a gulu la ACE inhibitor. Kunapezeka kuti pamwamba pa nsefayi pali mphamvu yambiri ya magetsi ya negetivu, imene imadzutsa puloteni ya Factor XII n'kuchititsa kuti thupi lipange bradykinin, kemikolo yotambasula mitsempha. Mwa munthu wosamwa mankhwalawo, bradykinin imaphwanyidwa msanga ndi enzaimu ya ACE, koma mwa amene akumwa mankhwala otsekereza enzaimuyo imachuluka. Yankho linabweranso kuchokera pamwamba: nsefa inakutidwa ndi kagawo ka polyethyleneimine, kamene kali ndi mphamvu ya pozitivu, kuti negetivu ija ichepe. Pamenepa pakuoneka kuti pamwamba pamene pakhoza mayeso amodzi pangathe kulephera pa ena amene palibe anawaganizira, ndiponso kuti wodwala weniweni amabwera ndi mankhwala ake ndi matenda ake, zimene m'botolo la mu labotale mulibe.

Njira ina yakale ndi yomangirira pamwamba mankhwala oletsa magazi kuundana. Mu 1963 Vincent Gott anapeza kuti heparin imamatirira pa chipangizo chokutidwa ndi graphite chimene chaviikidwa mu kemikolo ya benzalkonium, ndipo magazi ankachedwa kuundana pa icho. Heparin yogwidwa motere inkakokoloka pang'onopang'ono ndi magazi. Ena anayesa kuimanga ndi mfundo zolimba za kemikolo, koma akaimanga m'malo ambiri m'litali mwake inkasiya kugwira ntchito. Chifukwa chake n'chakuti heparin payokha siletsa kuundana, koma imagwira puloteni ya m'magazi yotchedwa antithrombin n'kuifulumizitsa kwambiri pa ntchito yozimitsa thrombin, puloteni imene imaundanitsa magazi, ndipo kuti izi zitheke kachigawo kapadera ka mashuga asanu kamene kali pa heparin kayenera kukhala poyera. Mu 1983 Olle Larm, Rolf Larsson ndi Per Olsson ku Sweden anasonyeza njira yomangira molekyu ya heparin kunsonga imodzi yokha, mbali yotsalayo n'kumayandama momasuka m'magazi. Njirayi, yodziwika ndi dzina la Carmeda, imagwiritsidwa ntchito pa machubu a makina ogwira ntchito ya mtima ndi mapapo komanso pa mitsempha ina yochita kupanga. Chimene chimandichititsa chidwi apa n'chakuti kemikolo inali yomweyo, ndipo chinasintha ndi kaimidwe kake kokha. Tisaiwalenso kuti heparin yambiri imachokera m'matumbo a nkhumba, kuti odwala ena amadwala nayo matenda ochepetsa mapulateleti, ndiponso kuti pa maopaleshoni ambiri wodwala amapatsidwabe heparin m'magazi ngakhale machubu ali okutidwa.

Akatswiri ena anasankha kulimbana ndi vutoli pa chiyambi pake penipeni, poletsa mapuloteni kuti asamatirire n'komwe. Chida chawo chachikulu ndi madzi. Ngati pamwamba pagwira madzi mwamphamvu, puloteni imayenera kuchotsa madziwo kuti ikhalepo, ndipo zimenezi zimafuna mphamvu zimene puloteniyo ilibe. Polyethylene glycol, imene ambiri amangoiti PEG, ndi imene yagwiritsidwa ntchito kwambiri. Maunyolo ake amamangidwa kunsonga imodzi n'kuima mothithikana ngati udzu wa m'dambo, atanyamula madzi pakati pawo, ndipo puloteni ikafuna kutsika imapeza kuti palibe polowera. Kuthithikanako n'kofunika kwambiri, chifukwa maunyolo akatalikirana mapuloteni aang'ono amadutsa m'mipata n'kukafika pansi. PEG ilinso ndi zofooka zake, popeza imaphwanyika ikakumana ndi okosijeni kwa nthawi yaitali m'thupi, ndipo zapezeka kuti anthu ena ali ndi chitetezo cha m'thupi chimene chimaizindikira ngati mdani.

Njira imene ine imandikopa kwambiri ndi yotsanzira selo lofiira la magazi. M'zaka za m'ma 1970 ofufuza anaona kuti mbali ya kunja ya khungu la seloli siyambitsa kuundana kwa magazi, pomwe mbali ya m'kati imayambitsa, ndipo kunjako kumadzala ndi mafuta okhala ndi mutu wa phosphorylcholine. Mutu umenewu uli ndi mphamvu ya pozitivu ndi ya negetivu pamodzi, choncho wonsewo sukoka kapena kukankha puloteni ndi magetsi, koma umagwira madzi mwamphamvu kuposa PEG. Dennis Chapman ku London analimbikitsa nzeru yokuta zipangizo ndi mutu umenewu, pomwe ku Japan Nobuo Nakabayashi ndi anzake anapanga kemikolo yokhala ndi mutu womwewu, yotchedwa MPC, mu 1978, ndipo Kazuhiko Ishihara anakonza njira yabwino yoipangira mu 1990. Mapolima a mtunduwu agwiritsidwa ntchito pa malenzi ovala m'maso, pa tizitsulo totsegula mitsempha ya mtima, ndiponso ku Japan pa mfundo za m'chiuno zochita kupanga, pamene kagawo konyowako kamachepetsa kukhulana. Mu 2013 gulu la Shaoyi Jiang ku University of Washington linasonyeza kuti jeli wa mtundu wofananawu, woikidwa pansi pa khungu la mbewa za mu labotale, anakhala miyezi itatu osakutidwa ndi mnofu wa kolajeni uja. Zotsatirazi n'zolimbikitsa, ngakhale kuti miyezi itatu mu mbewa si zaka makumi awiri mwa munthu.

Kuti zonsezi zimangidwe pa polima pamafunika pogwira, ndipo mapolima ambiri a chipatala, monga silikoni, polyethylene ndi PTFE, anasankhidwa dala chifukwa chakuti sagwirizana ndi makemikolo ena mwachisawawa. Apa ndi pamene pamalowa pulazima, mpweya umene wapatsidwa mphamvu ya magetsi m'chipinda chochotsedwa mpweya wambiri mpaka mamolekyu ake agawanika. Pulazima ya okosijeni kapena ya ammonia imadula mfundo za pamwamba penipeni n'kusiyapo timagulu tokonda madzi, osafika m'kati. Zotsatira zake zimaoneka ndi maso. Dontho la madzi pa silikoni yosakonzedwa limaima ngati kampira, pa ngodya yoposa madigiri 100, koma pa silikoni yochoka kumene mu pulazima limayala lokha. Mbale za polystyrene zolereramo maselo m'malabotale zimakonzedwa mwa njira yofananayi kuti maselo azimatirira. Mu 2007 Haeshin Lee ndi Phillip Messersmith anawonjezera njira yosavuta kwambiri, yotengera mmene nkhono za m'nyanja za mtundu wa mussel zimamatirira pa miyala yonyowa. Chipangizo chikaviikidwa m'madzi a dopamine a pH 8.5, pamamera kagawo kopyapyala kamene kamagwira pafupifupi pa chinthu chilichonse, ndipo pa kagawoka pangamangidwe zina. Pamene pakufunika kuti maselo amatirire, ambiri amamangapo kachidutswa ka RGD, ka ma amino asidi atatu, kamene Michael Pierschbacher ndi Erkki Ruoslahti anapeza mu 1984 kuti ndi kamene maselo amagwira pa puloteni ya fibronectin.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuona kuti chimanyalanyazidwa kawirikawiri. Kukonza pamwamba kuti pakhale pabwino tsiku loyamba si kovuta kwenikweni. Chovuta ndi chakuti pakhalebe pabwino mpaka tsiku limene chipangizo chidzachotsedwe m'thupi. Silikoni yochoka mu pulazima ija, ikasiyidwa pa mpweya kwa maola kapena masiku ochepa, imayambanso kukana madzi, chifukwa maunyolo ake ndi ofewa ndipo amatembenuka n'kubisa timagulu tatsopano tija m'kati, pomwe tizidutswa tating'ono ta silikoni timakwera kuchokera pansi n'kuphimba pamwamba. Polima si mwala ayi, pamwamba pake pamayenda. Opanga malenzi a silikoni ovala m'maso, amene anafika pa msika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, analimbana ndi vuto lomweli, popeza silikoni imadutsitsa okosijeni wambiri kupita ku diso koma imakana misozi ndi kukopa mafuta. Kampani ya CIBA Vision inakuta lenzi yake ndi kagawo ka pulazima kokhuthala mananomita 25, kampani ya Bausch & Lomb inasandutsa pamwamba pa lenzi yake kukhala tizigawo ta silicate, ndipo patapita zaka zochepa ena anasakaniza polima yokonda madzi ya PVP m'kati mwa lenzi momwemo. Nsefa zambiri za masiku ano za polysulfone zimatsata nzeru yomweyi yosakaniza PVP m'kati.

Kuwonjezera pa kutembenuka kwa maunyolo, chipangizo chimayenera kuphedwa majeremusi chisanafike kwa wodwala, ndipo njira iliyonse imakhudza pamwamba. Nthunzi ya madigiri 121 imawononga mapuloteni omangidwapo, cheza cha gamma chimadula maunyolo ena ndi kulumikiza ena, ndipo mpweya wa ethylene oxide umatha kusiya zotsalira zimene ziyenera kuchotsedwa. Kenako chipangizocho chimakhala m'paketi miyezi kapena zaka, ndipo pa tsiku la ntchito chimapindidwa, kukankhidwa ndi kukhulidwa m'mitsempha yokhotakhota. Mu November 2015 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America, linachenjeza madokotala kuti zokutira zoterera za pa mawaya ndi machubu olowa m'mitsempha zimatha kusupuka, ndipo tizidutswa take timatengedwa ndi magazi n'kukatseka timitsempha ta mu ubongo, mu mtima kapena m'mapapo. Chokutira chimene chinaikidwa kuti chiteteze mtsempha chikasupuka chimasanduka chinthu china chachilendo m'thupi, ndipo kumene chapitako palibe angachichotse.

Palinso mtunda wautali pakati pa labotale ndi bedi la wodwala. Kafukufuku wambiri amayesa pamwamba ndi puloteni imodzi yosungunulidwa m'madzi a mchere, kapena ndi mtundu umodzi wa bakiteriya kwa tsiku limodzi, pomwe m'magazi enieni muli mapuloteni mazanamazana olandana malo. Machubu a mkodzo okutidwa ndi siliva ankaoneka opha mabakiteriya m'malabotale, ndipo anagulitsidwa kwa zaka zambiri pa mtengo wokwera. Koma kafukufuku wamkulu amene anachitika m'zipatala 24 za ku United Kingdom, wofalitsidwa mu The Lancet mu 2012, anapeza kuti mwa odwala oposa 6,000, amene anadwala matenda a m'chikhodzodzo anali 12.5 pa 100 alionse mwa ogwiritsa ntchito machubu a siliva, ndi 12.6 pa 100 alionse mwa ogwiritsa ntchito machubu wamba. Mabakiteriya akayamba kumanga kagawo kawo komatirira pa kachubu, amene afa poyamba pamodzi ndi mapuloteni ndi mchere wa mu mkodzo amaphimba siliva uja, ndipo obwera pambuyo amakhala pamwamba pa anzawo osamukhudza. Mabakiteriya a mtundu wa Proteus mirabilis amawonjezera vuto pophwanya urea, zimene zimachititsa kuti mchere uume m'kachubumo mpaka kutsekeka. Miyezo yovomerezeka m'mayiko ambiri ya ISO 10993 imathandiza kuona ngati chipangizo chili ndi poizoni kapena ngati chikuwononga magazi, koma kudutsa miyezo imeneyi sikutanthauza kuti wodwala adzapindula kuposa amene wapatsidwa chipangizo wamba. Kwa ine, wofufuza amene akulengeza pamwamba patsopano ayenera kusonyeza mmene pamakhalira pambuyo pa kupha majeremusi, pambuyo pa kusungidwa, pambuyo pa kukhulidwa, ndiponso m'magazi athunthu oyenda. Chithunzi chokongola cha dontho la madzi chojambulidwa ola loyamba sichikwanira.

Malire a luso lonseli amaonekera bwino pa mitsempha ing'onoing'ono. Mitsempha ikuluikulu yopangidwa ndi mapolima a Dacron kapena ePTFE imagwira ntchito zaka zambiri, chifukwa magazi amathamanga kwambiri ndipo kagawo kakang'ono ka magazi oundana m'mbali sikatseka njira. Koma kachubu kakachepera mamilimita 6 m'mimba mwake, magazi amayenda pang'onopang'ono, amakhalitsa pa khoma, ndipo kamatsekeka msanga. Khoma la mtsempha weniweni lili ndi maselo amoyo amene nthawi zonse amatulutsa nitric oxide ndi prostacyclin zogonetsa mapulateleti, amanyamula pamwamba pawo heparan sulfate ndi thrombomodulin zoletsa magazi kuundana, ndipo akavulala amadzikonza okha. Gulu la Mark Meyerhoff ku University of Michigan lapanga mapolima otulutsa nitric oxide potsanzira maselowa, koma nkhokwe ya kemikolo yoikidwa m'pulasitiki imatha, ndipo n'chifukwa chake ena akuyesa pamwamba pokhala ndi mkuwa kapena selenium, zimene zimamasula nitric oxide kuchokera ku makemikolo amene ali kale m'magazi. Enanso akufuna pamwamba pokopa maselo a wodwala mwiniyo kuti amere m'kati mwa kachubu, koma mwa munthu maselowa amangoyala masentimita ochepa kuchokera pamene pasokedwa, mosiyana ndi nyama zambiri zoyeserapo zimene zimayala kachubu konse. Pa chifukwa chimenechi, dokotala wolambalalitsa mtsempha wotsekeka wa mtima amatengabe mtsempha wa wodwala yemweyo, wa m'chifuwa, wa pa mkono kapena wa m'mwendo, ndipo wodwala amene mitsempha yakeyo inawonongeka kale ndi matenda a shuga kapena inagwiritsidwa ntchito pa opaleshoni yoyamba amatsala ndi njira zochepa kwambiri.